Montfort, Gulupu kapena kunja: pepala liti limakufikitsa kwa mwana wosamva m'sukulu ya boma?

Mwana wa achemwali anga anakhoza bwino mayeso a MSCE, makamaka Biology ndi Chingerezi. Loweruka lina madzulo anandipeza kunyumba ku Chilomoni ndili pakhonde ndikuchonga makope. Atapereka moni anangolunjika pa chimene anadzera.

"Amalume, ine ndikufuna ntchito yonga yanuyi, yothandiza ana osamva ndi ana achibwibwi kusukulu. Ndilembere kuti?"

"Iwe ukufuna chiyani kwenikweni? Kuyeza makutu, kuwongola malankhulidwe, kapena kuphunzitsa?"

"Kodi si ntchito imodzi?"

Si imodzi ayi, ndipo si iye yekha amene amaganiza choncho. Makolo ena amabwera kwa ine kudzapempha mankhwala a khutu, ena amapita kuchipatala akuyembekeza kuti dokotala aphunzitsa mwana kuwerenga. Ntchitozi n'zapachibale, koma iliyonse ili ndi pepala lake, bungwe lake lokulemba m'kaundula, ndiponso bwana wake. Wachinyamata ayenera kuzidziwa zimenezi asanalipire fizi, chifukwa pali mapepala ena akuluakulu ndithu amene sakulowetsa m'kalasi ya sukulu ya boma tsiku ndi tsiku.

Ndisanafike pa mapepalawo, ndinene za mnyamata wina wa Sitandade 3 pa sukulu ina muno mu Blantyre. Ankakhala kumbuyo kwenikweni, pansi, atatsamira khoma, m'kalasi imene ana anali thithithi. Akaitanidwa dzina sankayankha. Aphunzitsi ake ankati ndi wamwano, kunyumba ankati ndi wogona. Tsiku limene mayi ake anabwera naye ku resource centre kwathu, chipinda cha pasukulu chothandizira ana a ulumali, ndinaona kathonje koderapo m'khutu lake lakumanja, ndipo nditamuyandikira fungo linandiuza kuti khutulo likutuluka mafinya. Mayi ake anati, "Aphunzitsi, zinayamba kale ali wamng'ono. Zimaleka, kenako akadwala chimfine zimayambiranso." Ndinaima kumbuyo kwake n'kumuitana dzina. Zii. Nditaima kutsogolo, maso ake anakakamira pa milomo yanga osaphethira.

Pa mwana mmodzi ameneyu panafunika manja a anthu angapo. Wachipatala anatsuka khutu n'kupereka mankhwala. Woyeza makutu anapeza kuti khutu linalo nalonso silinkamva mokwanira. Koma Lolemba m'mawa onsewo anali atatsala kuchipatala, ndipo mwana anabwerera kwa ife aphunzitsi: kumusunthira kutsogolo, kuuza mphunzitsi wake kuti asamalankhule atayang'ana ku bolodi, kuyambiranso naye a e i o u. Mukamawerenga njira zotsatirazi muzidzifunsa kuti pa anthu amenewa mukufuna kukhala uti.

Njira imene ndinayenda ine ndi yakale, ndipo mpaka lero ndi imene imalowa m'kalasi molunjika. Umayamba wakhala mphunzitsi wamba. Ukakhala ndi MSCE umalembera ku koleji ya aphunzitsi a pulayimale, monga Blantyre TTC, n'kuchita maphunziro a IPTE a zaka ziwiri, mbali ina pa koleji, mbali ina ku teaching practice. Boma likakulemba ntchito umaphunzitsa kaye ana onse, Masamu, Chichewa, Chingerezi, mpaka dzanja litazolowera choko. Pamenepo m'pamene umalembera ku Montfort Special Needs Education College ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, ukatuluka mu Limbe kutsata msewu wa Midima. Kumeneko umasankha gawo: ana a vuto la kumva, ana a vuto la kuona, kapena ana amene amavutika kugwira maphunziro. Ukamaliza umatuluka ndi dipuloma, ndipo Unduna wa Zamaphunziro umakutumiza ku resource centre ya pa sukulu wamba, ku sukulu ya ana osamva, kapena umakhala mphunzitsi woyendayenda m'sukulu zingapo za m'zoni. Masiku ano pamwamba pa zonsezi pali chiphaso cha Teachers Council of Malawi, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la zamaphunziro la 2013 kuti lizilemba aphunzitsi m'kaundula.

Chimene ndimayamikira ku Nguludi n'choti sukulu ya ana osamva ya Maryview ili pompo. Zimene waphunzira m'buku umakazionera ndi maso pa ana enieni osakwera minibasi. Sukulu zina za mtunduwu ndi Mountain View ku Bvumbwe, Mua ku Dedza, Embangweni ku Mzimba, Bandawe ku Nkhata Bay ndi ina ku Karonga. Mukaziwerenga muona nokha kuti n'zochepa pa dziko lonse, ndiye kuti ana ambiri a vuto la kumva ali m'sukulu wamba, ku Ndirande, ku Bangwe, ku Zingwangwa, atasakanikirana ndi anzawo. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi anadzaza, ndipo mwana amene sakumva amasowa mosavuta m'chigulu chotere. Amene angamutulukire ndi munthu amene amakhala pasukulupo kuyambira belu loyamba mpaka loweruka.

Mphunzitsi wa ku Montfort amadziwa mmene khutu limagwirira ntchito, amatha kuwerenga pepala la zotsatira za kuyeza makutu, amadziwa kusamala kachipangizo kothandizira kumva kamene tonse timangoti hearing aid, amaphunzira chinenero cha manja, ndiponso njira zophunzitsira chilankhulo mwana amene sanachimvepo. Koma ali ndi malire. Salemba mankhwala, sanena kuti mwana ali ndi matenda akutiakuti, ndipo si iye amene amatchera hearing aid kuti igwirizane ndi khutu la mwana. Mtengo waukulu wa njirayi ndi nthawi: zaka ziwiri za TTC, kudikira kulembedwa ntchito, zaka zophunzitsa, kenako Nguludi. Wothamanga magazi amatopa nayo. Ubwino wake ndi woti ukamapita ku Montfort umakhala uli kale pa ntchito ya boma, ndipo ukabwerako sufunsanso kuti ndikagwira kuti.

Pali dandaulo limodzi limene ndiyenera kulinena poyera. Pa sukulu ina imene ndinagwirapo, aphunzitsi atachepa, anandipatsa kalasi yonse ya Sitandade 6, ana anga a ku resource centre n'kumandidikira mpaka masana. Zimachitika, ndipo zimawawa. Amene akutenga njirayi akonzekere kulankhula ndi ahedi mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo, chifukwa ana amenewa sangapite okha ku ofesi kukadandaula.

Ku Nguludi komweko kuli Catholic University of Malawi, imene inatsegulidwa mu 2006 ndipo imaphunzitsa digiri ya special needs education. Wochokera ku Fomu 4 amafunika makiredit asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, monga mmene zilili m'mayunivesite ena, ndipo digiri imatenga zaka zinayi. Iyi ndi njira yachidule poyerekeza ndi yoyamba ija, ndipo imatsegula makomo ena: sekondale, mabungwe, maofesi olemba mapulani. Koma ndi yunivesite yolipira, ndiponso digiri siyibwera ndi kalata ya ntchito. Umadikira boma litalengeza malo n'kupikisana ndi anzako. Maganizo anga ndi oti digiri imeneyi imakoma kwambiri kwa munthu amene waphunzitsapo kale, kapena amene amagwiritsa ntchito tchuthi chake kukathandiza pa sukulu ya ana osamva. Kuwerenga za maphunziro osasiya mwana aliyense n'kosavuta, koma kuwachita ana ali thithithi, bolodi lili lotuwa, mvula ikugunda malata, kumafuna munthu amene anaimapo kale kutsogolo kwa kalasi. Ndipo kulikonse kumene mungalembere, fufuzani kaye ngati maphunzirowo ndi ovomerezedwa ndi National Council for Higher Education.

Tsopano tiwoloke kupita ku mbali ya zaumoyo. Audiologist ndi katswiri woyeza makutu. Amafufuza kuti khutu likumva mpaka pati, ndiponso kuti vuto lagona pati: panjira yolowera mawu, pa nembanemba ya khutu ndi kuseri kwake, kapena mkati mwenimweni mmene muli mitsempha. Ku Gulupu, pa chipatala cha Queen Elizabeth, kuli kiliniki ya ntchito imeneyi imene inamangidwa mothandizidwa ndi bungwe la ku Britain la Sound Seekers, ndipo imagwira ntchito moyandikana ndi madokotala a khutu, mphuno ndi kummero. Ndinaperekezako ana kangapo. Mwana amalowa m'kachipinda kotsekereza phokoso, amavala mahedifoni, ndipo amauzidwa kuti akamva kulira aponye kachidole m'chitini. Woyezayo amasinthasintha mamvekedwe, kuyambira mawu abesi a 250 Hz mpaka opyapyala a 8,000 Hz, akuchepetsa mphamvu mpaka mwana ataleka kuponya. Bungwe la WHO limati khutu labwino limamva mawu apansi pa madesibelo 20 (desibelo ndi muyeso wa mphamvu ya mawu), ndipo ngati khutu lomvako bwino likufuna oposa 35, vutolo ndi lolepheretsa munthu zinthu. Limatinso ana pafupifupi 34 miliyoni pa dziko lapansi ali ndi vuto lotere, ndipo pa ana 100 aliwonse a vuto la kumva, pafupifupi 60 chinayambitsa chikanapeweka. Kwathu kuno timazidziwa zoyambitsazo: mafinya a m'khutu osachizidwa, meninjaitisi, malungo a mu ubongo, chikuku, chikasu cha ana akhanda, ndi mankhwala ena amphamvu monga quinine ndi gentamicin.

Maphunziro a audiology amapezeka ku African Bible College ku Lilongwe, kumene kuli digiri yake komanso kiliniki yoyezera makutu. Pamafunika mutu wa sayansi, Biology, Physics ndi Masamu, chifukwa ntchito yake ndi ya thupi la munthu ndi makina. Ukamaliza umalembetsa ku Medical Council of Malawi, osati ku bungwe la aphunzitsi. Apa m'pamene mwana wa achemwali uja anadabwa. Audiologist bwana wake ndi chipatala kapena bungwe. Kusukulu amafika ngati mlendo, tsiku loyeza ana kapena pa 3 March pokumbukira tsiku la kumva, ndipo madzulo amabwerera. Ntchito yake ndi yamtengo wapatali. Popanda iye ife timangoganizira. Koma ngati mtima wako uli pa kuona mwana yemweyo akukula kuchokera Sitandade 1 mpaka kulemba mayeso a Sitandade 8, digiri iyi yokha siyikupatsa zimenezo. Ndiponso hearing aid ikachoka kuchipatala imakhala m'manja mwa mphunzitsi ndi kholo: mabatire amatha, kapulasitiki kolowa m'khutu kamachepa mwana akamakula, chinyontho cha nyengo ya mvula chimalowa, ndipo kachipangizo kodula kamakathera m'chikwama.

Ntchito ya speech therapist ndi imene ili ndi anthu ochepa kwambiri m'dziko muno, ndipo ndi imene achinyamata amaifunsa kwambiri. Katswiri ameneyu amathandiza mwana wachibwibwi, wochedwa kulankhula, wobadwa ndi mlomo kapena m'kamwa mong'ambika, amene malungo a mu ubongo anamulanda mawu, ngakhalenso akuluakulu odwala sitiroko ndi ovutika kumeza. Njira yodziwika bwino ndi ya ku South Africa, kumene mayunivesite monga Cape Town, Witwatersrand, Pretoria ndi KwaZulu-Natal amaphunzitsa digiri ya zaka zinayi yokhala ndi maola ambiri ogwira ntchito ndi odwala. Ndi njira yodula, ya fizi ya ophunzira akunja, malo ogona ndi chilolezo chokhalira m'dzikolo, ndipo ukabwerera kumudzi umalembetsanso ku Medical Council. Nayenso kawirikawiri amakhala wa chipatala, osati wa sukulu.

Pa njira imeneyi ndili ndi nkhawa imene sindiibisa. Malankhulidwe sawongoledwa m'malere, amawongoledwa m'chilankhulo cha mwanayo, ndipo mabuku ndi mayeso ambiri a ntchitoyi analembedwera ana olankhula Chingerezi. Mwana wathu akasinthanitsa l ndi r palibe chalakwika, Chichewa chimalola. Koma akalephera kusiyanitsa "pala" ndi "phala", kapena "kola" ndi "khola", wasintha tanthauzo la mawu, ndipo kusiyana kwake ndi kampweya chabe kamene mwana wosamva bwino sakamva. Nanga "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika? Malembo ndi omwewo, chosiyanitsa ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu. Amene waphunzira kunja ayenera kubwera n'kukhala pansi ndi aphunzitsi ndi agogo a ana, n'kumanga zida zake m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chilomwe, m'Chisena, monga mmene ana a mu Blantyre amalankhulira kwawo. Akatero ndi munthu amene sukulu zathu zikumufuna kwambiri. Akapanda kutero adzathandiza ana a m'sukulu zolipira zolankhula Chingerezi okhaokha.

Achinyamata amawerenga pa intaneti za ku America n'kuganiza kuti kulikonse zimayenda choncho. Kumeneko sukulu za boma zimalemba ntchito akatswiri a malankhulidwe, chifukwa lamulo lotchedwa IDEA limakakamiza sukulu kupereka chithandizo chimene chalembedwa m'pulani ya mwana wa ulumali. Kuti munthu apeze satifiketi ya bungwe lawo la ASHA amafunika digiri ya masters, maola 400 ogwira ntchito moyang'aniridwa, mayeso otchedwa Praxis, ndi masabata 36 a ntchito pansi pa katswiri wamkulu. Pamwamba pake pali chilolezo cha boma la dera limene akugwira, ndipo madera ambiri amafunanso pepala la ku dipatimenti ya zamaphunziro. Audiologist watsopano amafunika digiri ya udokotala yotchedwa AuD. Ku England speech therapist amalembetsa ku HCPC, bungwe lolemba m'kaundula akatswiri a zaumoyo, pomwe wophunzitsa kalasi ya ana osamva amayamba wakhala mphunzitsi woyenerezedwa kenako n'kuwonjezera maphunziro apadera okakamiza. Ndondomeko ya ku England imeneyi ikufanana ndi yathu ya TTC ndi Montfort. Ya ku America ndi yabwino kuidziwa, koma malo a ntchito otere m'sukulu si amene mungawapeze pa bolodi la ku ofesi ya zamaphunziro ku Blantyre.

Chatsala chinthu chimodzi chimene sichikhala pa satifiketi koma chimalekanitsa wothandiza ndi wongolandira malipiro: chinenero cha manja. Anthu amati mwana wosamva aziwerenga milomo. Yesani nokha pagalasi kunena "bala", "pala", "phala", "mbala" osatulutsa mawu. Milomo ikuchita chimodzimodzi kanayi konse. Mwana amene samva ngakhale pang'ono sangaphunzire Masamu ndi Sayansi potolera nyenyeswa za pamilomo. Amafuna chilankhulo chathunthu, ndipo chilipo, chinenero cha manja cha ku Malawi, chimene bungwe la anthu osamva la MANAD lakhala likuchimenyera nkhondo mpaka kutulutsa dikishonale yake. Zimene umaphunzira ku koleji ndi poyambira chabe. Ine manja anga anamasuka nditayamba kucheza ndi akuluakulu osamva, kutchalitchi ndi pamisonkhano yawo, akundikonza pamene ndalakwitsa ndi kundibwerezetsa mpaka nditakhoza. Kumasulira pakati pa osamva ndi akumva ndi ntchito payokha, yofunika m'sekondale, m'chipatala ndi m'khoti, koma womasulira si mphunzitsi pokhapokha atakhalanso ndi pepala la uphunzitsi. Ndimalakalakanso nditaona achinyamata osamva ambiri akulowa TTC, chifukwa mwana akaona mphunzitsi wonga iye amakhala tsonga mwa mtundu wina.

Choncho ndinamuuza mwana wa achemwali uja mosapita m'mbali.

"Ngati ukufuna sukulu ya boma, ndi ana omwewo tsiku lililonse, yamba ndi uphunzitsi. Ngati Biology ikukukoka kuposa choko, pita ku audiology, koma udziwe kuti ukakhala wa chipatala. Za kunjazo usazitaye, koma zimafuna sikolashipu. Manja okha yamba lero, usadikire koleji."

"Nanga ndidziwa bwanji, amalume?"

"Ubwere Lolemba, 7 koloko isanakwane."

Anabwera, ahedi atavomera. Ana anayi ovala ma hearing aid anandanda pakhomo monga amachitira m'mawa uliwonse. Ndinamuonetsa kutsegula kachitseko ka batire, kupukuta phula pa kapulasitiki ka m'khutu, ndi kufumbata kachipangizoko m'dzanja kuti amve ngati kakulira. Kenako ndinaphimba pakamwa ndi kope n'kutchula mawu asanu ndi limodzi oyesera, a, u, i, m, sh, s, mwana aliyense akubwereza. Kamtsikana komaliza kanabwereza asanu, pa s kanangondiyang'ana. Mwana wa achemwali anagwada, nachotsa kachipangizoko mosamala, n'kupeza kadontho ka madzi m'kapaipi. Anafunsa mmene amalozera ndi manja kuti "dikira pang'ono", ndipo kamtsikanako n'kamene kanamugwira zala n'kumuonetsa.